Achinyamata a ku Chifunde afunse kaye asanagule preamp ya valavu

CHIFUNDE (Tete) — Fodya akagulitsidwa, ndalama n'kulowa m'thumba, si achinyamata onse a m'boma la Chifunde amene amathamangira njinga yamoto kapena malata. Alipo ena amene mtima wawo uli pa nyimbo. Iwo amafuna kachipinda kojambuliramo mawu pakhomo pomwepo, kuti kwaya ya kumpingo, mkulu woyimba bangwe kapena mnyamata wa gitala asamachite kukwera galimoto ulendo wa ku Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe kukajambulitsa nyimbo imodzi.

Pa zida zimene munthu wotere amaziwona pafoni n'kuyamba kuzisirira, pali kabokosi kachitsulo kokwana m'manja kotchedwa preamp ya valavu. M'kati mwake muli kabotolo kagalasi kamene kamatentha kabokosiko kakayatsidwa. Otsatsa malonda amati kabotoloko kamanenepetsa mawu ndi kuwasalaza, mpaka kumveka ngati ajambulidwa mu situdiyo yayikulu ya kunja. Mtengo wake nawo ndi wokopa, pakuti timabokosi tambiri ta mtunduwu sitifika madola 100 a ku America, ndiye kuti pansi pa mametikali 6,400 potengera mtengo wa dola umene wakhala pafupifupi mametikali 64 kuyambira mu 2021. Pamwamba pake pamabwera ndalama ya mayendedwe ndi ya msonkho.

Kwa banja la kumudzi, ndalama imeneyi ndi thukuta la miyezi yambiri m'munda ndi m'chigafa. Kabokosiko kamagwira ntchito ndithu, koma sikachita zonse zimene amakatamanda nazo, ndipo kwa munthu amene akungoyamba kumene si chida choyamba kugula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito ya preamp

Munthu akayimba pa maikolofoni, chidacho chimasandutsa mawu ake kukhala mphamvu ya magetsi. Mphamvuyo imakhala yochepa zedi: volti imodzi itagawidwa magawo 1,000, maikolofoni imatulutsa timagawo towerengeka chabe. Makina ojambulira amafuna mphamvu yoyandikira volti imodzi yathunthu. Ntchito ya preamp ndiyo kukuza mawuwo, nthawi zina mpaka kuwirikiza ka 1,000, popanda kukuza nawo phokoso losafunika.

Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka. Preamp si chinthu chosowa ayi. Mikisa iliyonse yokhala ndi pobayira maikolofoni, ngakhale ya kutchalitchi, ili nayo kale m'kati. Kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, kamene ojambula nyimbo amakatchula sound card, nakonso kali nayo. Choncho wogula preamp yapadera akugula chinthu chachiwiri chogwira ntchito imene chida china chikuyigwira kale.

Kuwonjezera apo, preamp ya valavu yambiri ilibe njira yolowetsera mawu m'kompyuta payokha. Imangokuza mawu basi. Wogula amene alibe sound card akafika nayo kunyumba amapeza kuti akufunikabe kugula chida china, pokhapokha atasankha mtundu wokhala ndi pobayira chingwe cha USB.

Valavu si yachilendo kuno

Valavu, imene pa Chipwitikizi amati válvula, ndi chida chakale. John Ambrose Fleming wa ku England anapanga yoyamba mu 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America anayikonza mwa njira imene inadzathandiza kukuza mawu. Kwa zaka pafupifupi 50, wayilesi ndi makina ojambulira mawu ankadalira mavalavu.

Agogo a m'dera lino la malire anayamba kumva nyimbo za pa wayilesi kudzera m'mavalavu omwewo. Mu 1949, wayilesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, motsogozedwa ndi Harry Franklin, inagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kubweretsa kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special. Dzinali linabwera chifukwa kanali kozungulira ngati sefuliya. Kanali ndi mavalavu 4, kankayendera batire lalikulu, ndipo kankagulitsidwa mapaundi 5. Pa kawayilesi kameneka anthu ankamva Chinyanja ndiponso mawu a oyimba monga Alick Nkhata.

Koma mu 1947 akatswiri a ku America anali atatulukira kale kachida kena kotchedwa transistor, kakang'ono, kosasweka msanga komanso kosadya batire. Pofika zaka za m'ma 1960, wayilesi za transistor zinali zitalanda malo. Valavu inatsala m'manja mwa oyimba magitala ndi eni masitudiyo, amene ankakonda mmene imasinthira mawu ikapanikizidwa.

Valavu imene ili m'timabokosi totchipa pafupifupi tonse ndi ya nambala 12AX7, imene ku Ulaya amayitcha ECC83. Inapangidwa ndi kampani ya RCA kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo kukula kwake ndi ngati chala chachikulu cha kumanja. Masiku ano mafakitale opanga mavalavu ndi owerengeka, makamaka ku Russia, Slovakia ndi China. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, mavalavu anasowa kwa kanthawi ndipo mitengo inakwera. M'golosale ya ku Mualadzi kapena ku Cassacatiza munthu sangayembekezere kupezamo valavu yosinthira ina ikasweka.

Zimene zili m'kati mwa kabokosi

Mayina amene wogula amakumana nawo kawirikawiri ndi atatu. Pali Tube MP ya kampani ya ART ya ku America, imene inatchuka m'zaka za m'ma 1990. Pali MIC100 ndi MIC200 za kampani ya Behringer, imene Uli Behringer anayiyambitsa ku Germany mu 1989. Palinso TubePre ya kampani ya PreSonus, imene mtengo wake ndi wokwererapo. Zina mwa izi zimapezeka kwambiri ngati katundu wogwiritsidwapo kale ntchito.

Kuti valavu ya 12AX7 igwire ntchito monga ankachitira m'masitudiyo akale, imafuna mavolti 200 mpaka 300. Kupanga chida chopirira mphamvu yotere kumadya ndalama, n'chifukwa chake preamp yeniyeni ya valavu imagulitsidwa pa mtengo wokwera kwambiri. M'timabokosi totchipa tambiri, valavu imapatsidwa mavolti makumi ochepa chabe. Ntchito yayikulu yokuza mawu imagwiridwa ndi matransistor ndi tizida tina tating'ono, ndipo valavu imangothirako kakomedwe, monga mchere m'ndiwo.

Makampani ena afika poyika kababu kakang'ono kumbuyo kwa valavu kuti iziwoneka ngati ikuyaka kwambiri. Wogula akawona kuwalako amati mphamvu ndi imeneyi, chonsecho n'chikomekome cha mkuyu.

Izi sizitanthauza kuti kabokosiko n'kachabe. Kakatsegulidwa pang'ono, mawu amatuluka oyera, osasiyana kwenikweni ndi a sound card yabwino. Kakatsegulidwa kwambiri, mawu amanenepa, kenako n'kuyamba kusasa ndi kuthetheka. Ena amakonda kusasako pa gitala ya besi. Vuto lake n'lakuti kusasa kukalowa m'nyimbo pojambula, palibe kompyuta imene ingakuchotse bwinobwino. Pamene mawu ojambulidwa oyera angathe kunenepetsedwa pambuyo pake ndi mapulogalamu a pakompyuta, ena mwa iwo aulere.

Nkhani ya magetsi

Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, lokhala ndi makina otha kupanga mamegawati 2,075. Komabe midzi yambiri ya kutali ndi msewu ndi kutali ndi likulu la boma simafikiridwa ndi nthambo za EDM. Kumeneko nyimbo zimadalira sola, batire la galimoto kapena jenereta. Apa ndi pamene preamp ya valavu imavutitsa mwini wake.

Timabokosi monga Tube MP ndi MIC100 timayendera adaputala yotulutsa mavolti 9 a mtundu wa AC, osati DC. Zilembo ziwirizi zimalembedwa pa adaputalapo, ndipo wogula ayenera kuziwerenga. Batire la sola ndi matchaja ambiri amatulutsa DC. Choncho kabokosiko sikangalumikizidwe mwachindunji ku batire, ndipo adaputala yake ikatayika kapena kupsa, ina iliyonse ya pamsika siyingalowe m'malo ngakhale kamutu kake katakwana.

Wa sola ayenera kudutsira pa inveta. Ma inveta otchipa amatulutsa magetsi osasalala, ndipo kusasalalako kumamveka m'nyimbo ngati kulira kwa njuchi. Popeza ntchito ya preamp ndi kukuza, nthawi zina imakuza ndi njuchi zomwe. Jenereta yaying'ono nayo imakweza ndi kutsitsa mphamvu mosayembekezeka, kupatula phokoso lake limene maikolofoni imalitola ngakhale ili kuseri kwa nyumba.

Sound card yaying'ono ilibe mavuto ambiri otere. Imatenga mavolti 5 kuchokera ku laputopu kudzera pa chingwe cha USB. Laputopu ikatchajidwa masana, usiku munthu atha kuzimitsa inveta ndi jenereta n'kujambula mwa kachetechete.

Chinanso chofunika kuwona ndi dziko limene chidacho chinapangidwira. Magetsi a ku Moçambique ndi a mavolti 220, ndipo a ku Zambia, Malawi ndi South Africa ndi a mavolti 230, choncho zida zimasinthana bwino. Koma adaputala yopangidwira ku America ndi ya mavolti 120, ndipo ikabayidwa kuno imapsa nthawi yomweyo. Mapulagi nawo amasiyana: ambiri a ku Zambia ndi ku Malawi ali ndi mano atatu aphwatalala, pamene a kuno ali ndi mano ozungulira.

Chipinda ndi khutu

Chimene chimawononga nyimbo zambiri zojambulidwa pakhomo si preamp ayi, koma chipinda. Nyumba ya njerwa yopaka simenti, yofolera malata, yopanda siling'i, imabweza mawu. Mvula ikagwa padenga, ntchito yathera pomwepo. Valavu siyingakonze zimenezi, imangozikuza.

M'malo mwake nyumba ya dothi yofolera udzu, imene ena amayinyoza, imameza mawu bwino. Mabulangete opachika m'makoma, matiresi oyimika kumbuyo kwa woyimba, mphasa pansi ndi matumba a chimanga m'ngodya zimasintha mamvekedwe kuposa kabokosi kalikonse. Woyimba ayime kutali ndi maikolofoni ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula. Kansalu kopyapyala kokungidwa pa waya wozungulira, koyikidwa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, kamatchinga mpweya wa zilembo monga "ph" ndi "b". Nthawi yabwino ndi usiku, chigayo chitatseka, njinga zamoto zitaleka kudutsa, atambala asanayambe.

Mbiri ya nyimbo za Achewa ndi Anyanja ikuchitira umboni zimenezi. Hugh Tracey, amene anayambitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Africa ya International Library of African Music mu 1954, anayenda m'midzi ya ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula bangwe, kalimba, ng'oma ndi nyimbo za pamtondo. Ankajambula panja, ndi maikolofoni imodzi yogwira m'manja, akumayisendeza kwa woyimba kapena kwa ng'oma malinga ndi zimene khutu lake linkamva. Nyimbozo zikusungidwa mpaka lero ku Rhodes University ku South Africa.

Chitsanzo china n'chaposachedwa. Mu 2011, Ian Brennan wa ku America anakumana ndi anyamata ogulitsa mbewa m'mphepete mwa msewu m'dera la Balaka ku Malawi, amene ankayimba ndi zida zopanga okha. Anawajambula kumudzi kwawo komweko ndi makina onyamula m'manja. Chimbale cha gululo, lotchedwa Malawi Mouse Boys, chinatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 anyamatawo anakayimba ku chikondwerero cha WOMAD ku England. M'chaka chomwecho Brennan anajambula akaidi a ku ndende ya Zomba. Chimbale chawo chinatuluka mu 2015 ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016. Palibe chimodzi mwa zimbale ziwirizi chinajambulidwa mu situdiyo.

Poyambira ndi pati

Kwa wachinyamata amene ali ndi laputopu ndiponso ndalama yochepa, ndondomeko yanzeru ndi iyi. Choyamba ndi sound card, monga zazing'ono za Behringer kapena za Focusrite Scarlett, zimene zinayamba kutuluka mu 2011. Chachiwiri ndi maikolofoni yabwino imodzi. Chachitatu ndi chingwe cholimba cha mano atatu cha XLR pamodzi ndi mahedifoni otseka makutu. Chachinayi ndi kukonza chipinda. Pulogalamu yojambulira ya Audacity ndi yaulere. Preamp ya valavu ibwere pambuyo pa zonsezi, ndalama ikatsala.

Maikolofoni zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Ya dynamic, monga Shure SM58 imene yakhala ikupangidwa kuyambira mu 1966, ndi yolimba, imapirira fumbi ndi kugwa, ndipo siyitola kwambiri phokoso la kutali. Pamsika pali zambiri zongoyerekeza dzinali, choncho mtengo wotsika mopitirira uyenera kukayikitsa. Ya condenser imamva tinthu tating'ono, koma imamvanso nkhuku ya kwa aneba, ndipo imafuna mavolti 48 odzera m'chingwe chake. Mphamvu imeneyi imayatsidwa ndi kabatani kolembedwa 48V, ndipo lamulo lake n'lakuti maikolofoni ibayidwe kaye, mawu atsitsidwe, kenako kabataniko katobwanyidwe.

Ilipo nthawi imene kabokosi ka valavu kamathandizadi. Mpingo umene uli ndi mikisa yakale yopanda 48V utha kukagwiritsa ntchito poyendetsa maikolofoni ya condenser. Wojambula chida cha mawu otsika, monga kalimba, pa maikolofoni ya dynamic atha kupeza mphamvu yowonjezera. Wa gitala ya besi atha kubaya chingwe chake pomwepo n'kupeza mawu onenepa. Polumikiza, mawu ochokera mu preamp alowe pa khomo lolembedwa LINE, osati MIC, chifukwa akakuzidwa kawiri amasweka.

Amene wagula kale akasamale. Akayatse mphindi zingapo asanayambe kujambula kuti valavu itenthe. Asakafunditse nsalu kali koyaka, makamaka m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Akamaliza akasunge m'thumba lotseka chifukwa cha fumbi ndi chinyezi cha dzinja. Paulendo wa njinga yamoto akakulunge bwino, popeza valavu ndi galasi. Ikasamalidwa, valavu yotere imakhala zaka zingapo.

Ogula a m'boma lino ambiri amayang'ana kunja. Boma la Chifunde lili m'malire ndi Zambia kumpoto ndiponso Malawi kumpoto chakum'mawa, ndipo kuchokera pa chipata cha Cassacatiza ndi Chanida kukafika ku Katete ndi makilomita oposa 50 pang'ono. Ena amatuma abale a ku Lusaka, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Kugula kwa kutali kotere kulibe pobwezera katundu akavuta. Choncho wotumidwa awuzidwe kuti chidacho chiyesedwe iye akuwona, amvetsere pa mahedifoni ngati mulibe kulira kwa njuchi, awonetsetse kuti adaputala yake yeniyeni ilipo, ndipo atenge lisiti yokawonetsa kwa a kasitomu pamalire.

Nyimbo zikudikira

Dera lino silisowa chojambula. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a m'chigawo cha Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena mpaka ku msasa wa Ukwimi m'dera la Petauke. Midzi inabalalika, ndipo akuluakulu ena odziwa nyimbo sanabwerere. Amene anatsala ndi nyimbo za m'badwo umenewo m'mutu tsopano ndi okalamba.

Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Moçambique ndi Zambia pamodzi. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a mayiko atatuwa amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Wayilesi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imawulutsa m'Chinyanja, ndipo ku Chipata kuli Breeze FM. Omvera alipo, ndipo nyimbo yojambulidwa bwino imayenda pafoni kudutsa malire onse.

Wojambula akumbukire mwambo. Za pabwalo ndi za poyera, koma za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Palibe maikolofoni yoyenera kutsegulidwa popanda chilolezo cha nyakwawa, akuluakulu a gule kapena anamkungwi. Woyimba aliyense awuzidwe kumene mawu ake akupita, ndipo dzina lake, mudzi wake ndi tsiku lojambula zilembedwe. Pa ng'oma za gule, mawu amakhala amphamvu kale moti preamp siyifunika kutsegulidwa kwambiri. Chofunika ndi maikolofoni yolimba ndi munthu wodziwa poyima.

Achinyamata ofuna kutsegula situdiyo ku Chifunde, ku Mualadzi ndi ku Nsadzo achita bwino kukhalirana pansi asanagule. Mmodzi akakhala ndi laputopu, wina sola, wina maikolofoni, ntchito itha kuyamba chaka chomwecho popanda ngongole. Mametikali amene akanapita ku kabotolo kowala atha kugula chingwe chabwino, mabulangete awiri ndi mafuta a njinga yamoto yokafikira kwa agogo oyimba bangwe, akadali moyo.